Port triggering

Port triggering ndi njira imene rauta ya kunyumba imagwiritsa ntchito potsegula port yolandirira mauthenga ochokera pa intaneti kwa kanthawi kochepa, pokhapokha chipangizo cha mkati mwa nyumba chikayamba chokha kutumiza uthenga kudzera pa port ina yosankhidwiratu. Chipangizocho chikasiya kulankhula, rauta imadikira mphindi zingapo kenako n'kutsekanso port ija. Njirayi inakonzedwa pofuna kuthandiza mapulogalamu amene amatumiza uthenga kudzera pa port imodzi koma amayembekezera kuti yankho lina libwera kudzera pa port ina, monga mapulogalamu ochezera a IRC, masewera ena a pa intaneti ndi mapulogalamu ena akale oimbirana mavidiyo. Imafanana ndi port forwarding, koma kusiyana kwake n'kwakuti port forwarding imasiya port yotsegula nthawi zonse ndipo imaloza chipangizo chimodzi chokhazikika.

Chiyambi cha vuto

Chipangizo chilichonse chimene chili pa intaneti chimafunika adiresi ya IP. Mtundu wakale wa maadiresiwa, wotchedwa IPv4, uli ndi ma bit 32, zomwe zikutanthauza kuti maadiresi onse amene angakhalepo ndi 4,294,967,296. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 akatswiri anaona kuti maadiresiwa adzatha. Mu May 1994, Kjeld Egevang ndi Paul Francis analemba chikalata cha RFC 1631 chofotokoza njira ya NAT, imene imalola zipangizo zambiri kugwiritsa ntchito adiresi imodzi ya pagulu. Mu 1996 chikalata cha RFC 1918 chinapatula magulu atatu a maadiresi ogwiritsa ntchito mkati mwa nyumba kapena ofesi basi: oyamba ndi 10, oyambira 172.16 mpaka 172.31, ndi oyamba ndi 192.168. Pa 3 February 2011 bungwe la IANA linagawa magulu omaliza a maadiresi a IPv4 kwa mabungwe asanu a zigawo za dziko lapansi, kuphatikizapo AFRINIC limene limayang'anira Africa.

Chifukwa cha zimenezi, nyumba yambiri imalandira adiresi imodzi yokha ya pagulu kuchokera ku kampani yopereka intaneti. Mafoni, makompyuta ndi ma TV a m'nyumbamo amapatsidwa maadiresi a mkati, monga 192.168.1.23, amene sangafikiridwe mwachindunji kuchokera kunja. Zimafanana ndi mudzi umene anthu onse amalandira makalata kudzera pa bokosi limodzi la sukulu: wa ku positi ofesi amadziwa bokosilo basi, ndipo wogawa makalata pasukulupo ndi amene amadziwa mwini kalata iliyonse.

Kompyuta ikatumiza paketi kunja, rauta imachotsa adiresi ya mkati n'kuikapo adiresi yake ya pagulu, kenako imalemba m'kaundula wake kuti kulumikizana kumeneku n'kwa kompyuta iti. Yankho likabwera, rauta imayang'ana m'kaundulamo n'kulipereka kwa mwini wake. Koma paketi ikafika kuchokera kunja popanda chilichonse m'kaundula chosonyeza kuti wina mkati anaipempha, rauta siidziwa kopita nayo, ndipo imangoitaya. Zimenezi zimateteza zipangizo za m'nyumba pang'ono, komanso ndi zimene zimalepheretsa mapulogalamu ena kugwira ntchito bwino.

Ma port

Adiresi ya IP imasonyeza chipangizo, pamene port imasonyeza pulogalamu imene ili m'chipangizocho. Port ndi nambala chabe, osati bowo lolowetsamo chingwe. Nambalayi ili ndi ma bit 16, choncho imayambira pa 0 kufika pa 65535. Ma port anagawidwa m'magulu atatu. Oyambira 0 mpaka 1023 ndi a ntchito zodziwika kwambiri, monga 80 wa masamba a intaneti, 443 wa masamba otetezedwa ndi 25 wotumizira ma imelo pakati pa maseva. Oyambira 1024 mpaka 49151 amalembetsedwa ku IANA ndi opanga mapulogalamu. Oyambira 49152 mpaka 65535 ndi ongobwerekedwa kwa kanthawi.

Ma port amagwira ntchito pa ma protocol awiri akuluakulu. TCP, imene inafotokozedwa mu RFC 793 mu 1981, imayamba yakhazikitsa kulumikizana ndipo imaonetsetsa kuti mapaketi onse afika m'dongosolo lake. UDP, ya mu RFC 768 ya 1980, imangotumiza mapaketi osadikira chitsimikizo, n'chifukwa chake imakondedwa pa masewera ndi pa mawu. Port 3074 ya TCP ndi port 3074 ya UDP ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo lamulo lotsegula imodzi silitsegula inzake.

Mmene port triggering imagwirira ntchito

Lamulo lililonse la port triggering limakhala ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi port yoyambitsa, imene rauta imaiyang'anira pa mauthenga otuluka. Mbali yachiwiri ndi port yolowera, kapena ma port angapo, amene rauta imatsegula ikaona kuti port yoyambitsa yagwiritsidwa ntchito.

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi cha IRC, njira yochezera polemberana imene Jarkko Oikarinen anayambitsa ku Finland mu 1988. Maseva ambiri a IRC amalandira anthu pa port 6667 ya TCP. Munthu akalumikiza, seva imatembenuka n'kuyambitsa kulumikizana kwatsopano kupita ku adiresi ya munthuyo pa port 113, kufunsa dzina la wogwiritsa ntchito. Kufunsaku kumatchedwa Ident ndipo kunafotokozedwa mu RFC 1413 mu 1993. Kwa rauta, funsoli ndi paketi yachilendo imene palibe anaipempha, choncho imalitaya. Seva imadikira yankho mpaka nthawi yake itatha, munthu amachedwa kulowa, ndipo maseva ambiri amaika chizindikiro cha ~ kutsogolo kwa dzina lake posonyeza kuti silinatsimikizidwe. Maseva ena amakana kumulandira n'komwe.

Pakakhala lamulo loti port yoyambitsa ndi 6667 ndipo yolowera ndi 113, zinthu zimayenda motere:

1. Kompyuta ya adiresi 192.168.1.23 imatumiza paketi kupita ku seva ya IRC pa port 6667.
2. Rauta imaona kuti paketiyo ikugwirizana ndi lamulo. Imaitumiza monga mwa nthawi zonse, komanso imalemba kuti chilichonse chofika pa port 113 chipite ku 192.168.1.23.
3. Seva imayankha pa kulumikizana koyamba, ndipo imatumizanso funso lake pa port 113.
4. Rauta imapereka funsolo ku kompyuta ija, pulogalamu ya Ident imayankha, ndipo munthu amalowa msanga.
5. Pakadutsa nthawi yoikika popanda mauthenga, rauta imafufuta zimene inalemba ndipo port 113 imatsekeka.

Kompyuta ina ya m'nyumba momwemo ikalowa pa IRC pambuyo pake, lamulo lomwelo limagwira ntchito kwa iyo, popanda kusintha chilichonse pa rauta.

Kusiyana kwake ndi port forwarding

Pa port forwarding, mwini rauta amalemba port ndi adiresi ya chipangizo chimene chizilandira mauthenga. Port imakhala yotsegula usana ndi usiku, kaya chipangizocho chikugwiritsidwa ntchito kapena ayi. Adiresi ya chipangizocho siiyenera kusintha, choncho imafunika kukhazikitsidwa pamanja kapena kusungidwa mu DHCP ya rauta. Njirayi ndi yoyenera zinthu zimene zimadikira kuti anthu akunja azipeze, monga seva ya masamba, seva ya masewera kapena makamera achitetezo.

Pa port triggering sipafunika kulemba adiresi ya chipangizo, chifukwa rauta imaidziwa kuchokera pa paketi yotuluka. Port imatseguka pokhapokha ikafunika. Koma njirayi singathandize seva, chifukwa seva imangokhala chete kudikira alendo ndipo palibe paketi yotuluka yoti itsegule khomo. Munthu amene ali kuntchito n'kufuna kuona kamera ya kunyumba adzapeza port yotseka ngati anadalira port triggering.

Kukonza pa rauta ya kunyumba

Mayina a menyu amasiyana malinga ndi kampani yopanga rauta, koma ndondomeko yake ndi imodzi.

1. Kudziwa ma port ofunika. Manambalawa amapezeka m'malangizo a pulogalamu kapena patsamba la kampani yake. Mwachitsanzo, Microsoft imatchula port 3074 ya TCP ndi UDP pa masewera a Xbox, pamodzi ndi ma port ena monga 88, 500, 3544 ndi 4500 a UDP. Sony imatchula ma port 3478 mpaka 3480 a TCP ndi 3478 mpaka 3479 a UDP pa PlayStation Network. Si bwino kungolosera manambala.

2. Kupeza adiresi ya rauta. Nthawi zambiri imalembedwa pakapepala komatidwa pansi pa rauta. Maadiresi ofala ndi 192.168.0.1 ndi 192.168.1.1, ndipo marauta ambiri a Huawei olowetsa SIM khadi amagwiritsa ntchito 192.168.8.1. Pa kompyuta ya Windows, kulemba ipconfig mu Command Prompt kumaonetsa adiresiyi pamzere wa Default Gateway.

3. Kulowa patsamba la rauta. Adiresi ija imalembedwa mu browser pa chipangizo cholumikizidwa ku rautayo, kenako pamafunika dzina ndi pasiwedi ya woyang'anira. Pasiwedi imeneyi kawirikawiri ndi yosiyana ndi ya Wi-Fi.

4. Kupeza tsamba la port triggering. Pa marauta a Netgear lili pansi pa Advanced, kenako Advanced Setup, pamodzi ndi port forwarding. Pa marauta ambiri a TP-Link lili pansi pa NAT Forwarding. Pa marauta akale a Linksys lili pansi pa Applications & Gaming ndipo limatchedwa Port Range Triggering. Pa ASUS lili m'gawo la WAN. Makampani ena amalitcha Special Applications kapena Application Rules.

5. Kulemba lamulo. Fomu yake imafunsa dzina la lamulo, limene ndi longokumbutsa mwini wake, port yoyambitsa ndi protocol yake, komanso port yolowera ndi protocol yake. Ngati port ndi imodzi, nambala yomweyo imalembedwa poyambira ndi pothera. Pa chitsanzo cha IRC, port yoyambitsa ndi 6667 ya TCP, kapena 6660 mpaka 6669 ngati maseva ake amagwiritsa ntchito ma port angapo, ndipo yolowera ndi 113 ya TCP.

6. Kusankha nthawi yotsekera. Marauta ena amalola kusintha mphindi zimene port imakhala yotsegula mauthenga atasiya, pamene ena anaikiratu nthawiyo ndipo siisinthika. Nthawi ikafupika kwambiri, port imatsekeka pulogalamu isanamalize ntchito. Ikatalika kwambiri, chipangizo china chimadikira nthawi yaitali kuti chigwiritse ntchito lamulolo.

7. Kusunga. Lamulo liyenera kuyatsidwa, kenako kusindikiza batani la Save kapena Apply. Marauta ena amazima n'kuyakanso okha akamaliza kusunga.

Port imene ili kale mu lamulo la port forwarding siiyenera kulembedwanso mu port triggering, chifukwa malamulo awiriwo amalimbana ndipo marauta ambiri amakana lachiwiri. Firewall ya pakompyuta nayo iyenera kulola pulogalamuyo kulandira mauthenga, apo ayi paketi imadutsa pa rauta n'kukatayidwa pakompyuta.

Kuyesa ngati zagwira

Pali masamba a pa intaneti amene amayesa ngati port ina yake ndi yotsegula pa adiresi ya munthu. Anthu ambiri amasokonezeka akayesa n'kupeza kuti port ndi yotseka ngakhale lamulo analemba bwino. Chifukwa chake n'chakuti port imatseguka pokhapokha pulogalamu ikayamba kutumiza mauthenga pa port yoyambitsa. Choncho pulogalamu iyenera kuyatsidwa kaye n'kulumikizidwa, kenako kuyesa nthawi yomweyo. Pafunikanso kuti pakompyutapo pakhale pulogalamu imene ikumvetsera pa port yolowerayo, chifukwa port yopanda woyankha imaoneka ngati yotseka. Masamba oterewa amayesa TCP mosavuta, koma zotsatira zake pa UDP si zodalirika, poti UDP siitsimikizira kuti yalandira. Pa makina a masewera, njira yosavuta ndi kuona mtundu wa NAT umene makinawo akunena: Xbox imalemba Open, Moderate kapena Strict, ndipo PlayStation imalemba Type 1, Type 2 kapena Type 3.

Zofooka zake

Chofooka chachikulu n'chakuti lamulo limodzi limatumikira chipangizo chimodzi pa nthawi imodzi. Adiresi ya pagulu ndi imodzi, ndipo port imodzi pa adiresiyo singaloze malo awiri. Ana awiri akamasewera masewera amodzimodzi pa makina awiri m'nyumba imodzi, mmodzi yekha ndi amene amapindula ndi lamulolo. Marauta ena amadikiritsa wachiwiri mpaka woyamba atamaliza, pamene ena amalanda port kwa woyamba n'kuipereka kwa wachiwiri.

Chachiwiri, rauta siidziwa dzina la pulogalamu, imangoona nambala ya port. Pulogalamu ina iliyonse yotumiza paketi pa port yoyambitsa imatsegula port yolowera. N'chifukwa chake si nzeru kusankha port yogwiritsidwa ntchito kwambiri, monga 80 kapena 443, kukhala yoyambitsa: foni iliyonse yotsegula tsamba la intaneti ingakokere port yolowera kwa iyo.

Chachitatu, njirayi imagwira ntchito pokhapokha rauta ili ndi adiresi yeniyeni ya pagulu. M'nyumba zina muli marauta awiri olumikizana, ina yochokera ku kampani ya intaneti ndi ina yogula mwini nyumba, ndipo iliyonse imachita NAT yake. Lamulo lolembedwa pa rauta yamkati silithandiza ngati yakunja ikutaya mapaketi. Vutoli limatha rauta imodzi ikasinthidwa kuti isamachite NAT.

CGNAT

Chifukwa cha kuchepa kwa maadiresi a IPv4, makampani ambiri opereka intaneti amachita NAT yawoyawo, imene imaika makasitomala ambiri kuseri kwa adiresi imodzi ya pagulu. Njirayi imatchedwa CGNAT. Mu April 2012 chikalata cha RFC 6598 chinapatulira ntchitoyi maadiresi oyambira 100.64.0.0 mpaka 100.127.255.255. Pamenepa, paketi yosapemphedwa imatayidwa ku makina a kampani isanafike n'komwe pa rauta ya kunyumba, choncho port triggering ndi port forwarding zonse sizigwira ntchito.

CGNAT ndi yofala kwambiri pa netiweki za mafoni a m'manja, ndipo Starlink nayo imaigwiritsa ntchito kwa makasitomala a kunyumba. Nkhaniyi ndi yofunika m'mayiko monga Malawi ndi Zambia, kumene anthu ambiri amalowa pa intaneti kudzera pa SIM khadi osati pa chingwe. Njira yodziwira ndi kuyerekeza adiresi ya WAN imene ikuoneka patsamba la rauta ndi adiresi imene masamba osonyeza IP akunena. Zikasiyana, kapena adiresi ya WAN ikayamba ndi 10 kapena ikakhala m'gulu la 100.64 lija, ndiye kuti rautayo ili kuseri kwa NAT ina. Makampani ena amapereka adiresi ya pagulu munthu akapempha, nthawi zambiri pamtengo wowonjezera.

Chitetezo

Port triggering imaonedwa kuti ndi yotetezekako kusiyana ndi port forwarding chifukwa port siikhala yotsegula nthawi zonse. Makina a anthu akuba amene amafufuza ma port otsegula pa intaneti amaipeza yotseka nthawi imene pulogalamu sikugwira ntchito. Komabe, pa nthawi imene port ili yotsegula, marauta ambiri amalandira mapaketi ochokera kwa aliyense, osati kwa seva imene inayambitsa kutsegulako yokha. Chitetezo chenicheni chimadalira pulogalamu imene ikumvetsera pa port imeneyo.

Pali ma port ena amene sayenera kutsegulidwa kwa anthu akunja popanda chifukwa chomveka, monga 23 wa Telnet, 445 wogawanira mafayilo pa Windows ndi 3389 wa Remote Desktop. Mu 2016 pulogalamu yoipa ya Mirai inalowa m'makamera ndi marauta ambirimbiri kudzera pa Telnet, pongoyesa mapasiwedi amene zipangizozo zinabwera nawo kuchokera kufakitale. Mu October chaka chomwecho zipangizo zogwidwazo zinagwiritsidwa ntchito poukira kampani ya Dyn ku United States, ndipo masamba monga Twitter ndi Netflix anavuta kutsegula kwa maola angapo. Mu May 2017 pulogalamu ya WannaCry inafalikira m'mayiko oposa 150 kudzera pa port 445, n'kusokoneza ntchito m'zipatala zambiri za NHS ku Britain.

Pofuna kuchepetsa ngozi, mwini rauta amalangizidwa kusintha pasiwedi ya woyang'anira, kutsegula ma port okhawo amene akufunika m'malo motsegula gulu lalikulu, kufufuta malamulo a mapulogalamu amene anasiya kugwiritsa ntchito, ndi kuika firmware yatsopano kampani ikatulutsa.

Njira zina

UPnP imalola pulogalamu kupempha yokha rauta kuti itsegule port, popanda munthu kulemba lamulo. Bungwe la UPnP Forum linakhazikitsidwa mu 1999, ndipo marauta ambiri a kunyumba ali nayo njirayi. Imathetsa vuto la makina awiri a masewera m'nyumba imodzi, chifukwa aliyense amapempha port yake. Vuto lake n'lakuti rauta siifunsa pasiwedi, choncho pulogalamu yoipa imene yalowa kale m'nyumba ingatsegulenso port. Apple inayambitsa njira yofanana nayo ya NAT-PMP mu 2005, ndipo mu 2013 panatuluka PCP mu RFC 6887, imene inakonzedwa kuti izithanso kulankhula ndi makina a CGNAT.

Marauta ambiri alinso ndi gawo la DMZ, limene limatumiza mapaketi onse osapemphedwa ku chipangizo chimodzi. Njirayi ndi yosavuta koma imasiya chipangizocho poyera pa ma port onse.

Mapulogalamu atsopano ambiri safunanso port yotsegula. Ochezera ndi oimbirana mavidiyo amagwiritsa ntchito njira za STUN, TURN ndi ICE, zimene zimachititsa kuti mbali zonse ziwiri ziyambe zatumiza mapaketi kunja, kapena kuti mauthenga adutsire pa seva yapakati. Zimenezi zachepetsa kwambiri kufunika kwa port triggering, ngakhale kuti ikupezekabe pa marauta ambiri.

Pa IPv6, imene maadiresi ake ali ndi ma bit 128, chipangizo chilichonse chingathe kukhala ndi adiresi yakeyake ya pagulu ndipo NAT siifunika. Makampani akuluakulu anayatsa IPv6 mokhazikika pa 6 June 2012. Marauta a kunyumba amatsekabe mauthenga osapemphedwa pogwiritsa ntchito firewall, koma kulola chipangizo china kulandira mauthenga kumangofuna lamulo la firewall, ndipo zipangizo ziwiri zingathe kugwiritsa ntchito nambala imodzi ya port pa nthawi imodzi chifukwa maadiresi awo ndi osiyana.